Chitseko cha galimoto: lipoti la vuto lomwe linazunza opanga kanema wa City Lights

Lipotili ndalembera anzanga otsogolera zisudzo, olemba nkhani za kanema, ndi ife amene ntchito yathu ndi kudula ndi kulumikiza zithunzi. Likukamba za vuto limodzi, la m'kachigawo kamodzi kosakwana ndi mphindi zisanu zomwe, koma linadya miyezi, ndalama, ndipo linachotsetsa munthu ntchito. Kanemayo ndi City Lights wa Charlie Chaplin, amene anayamba kujambulidwa mu Disembala 1928 ku situdiyo yake pa msewu wa La Brea ku Hollywood, n'kutuluka mu Januwale 1931. Mwini kanema ndamutchula dzina chifukwa palibe kuchitira mwina. Osewera ake, makamaka omwe anakumana ndi mkwiyo wake, ndiwatchula ndi mbali zomwe ankasewera basi.

Mmene zinthu zinalili

Mu Okutobala 1927 kunatuluka kanema wa The Jazz Singer, anthu n'kumva munthu akuyankhula ndi kuimba pa sikirini. Pasanathe zaka ziwiri, makampani akuluakulu onse a ku Hollywood anali atathamangira makanema oyankhula. Chaplin anakana. Munthu yemwe ankamusewera uja, lova wa kachipewa kozungulira, kandodo ndi nsapato zikuluzikulu, ankamveka dziko lililonse chifukwa sankatsegula pakamwa. Kumupatsa mawu kukanamupatsa mtundu ndi kwawo. Chaplin anali ndi situdiyo yakeyake, ndalama zakezake, komanso anali mmodzi mwa eni kampani yofalitsa makanema ya United Artists. Panalibe bwana womuuza kuti nthawi yatha. Sankagwiranso ntchito ndi sikiriputi yomalizidwa: ankabwera ndi ganizo, n'kuliyesa pamaso pa kamera mpaka litamukhutiritsa.

Nkhani yake ndi yaifupi. Lova wopanda pogona akumana ndi mtsikana wosaona wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Mtsikanayo amuyesa munthu wachuma. Usiku womwewo lova apulumutsa mpondamatiki woledzera yemwe amafuna kudziponya mumtsinje. Mpondamatikiyo akaledzera amamukumbatira ngati mbale wake, kukacha mowa utatha samudziwanso ndipo amamupirikitsa. Pakati pa anthu awiriwa lova ayesetsa kupeza ndalama za lendi ya mtsikana ndi agogo ake, ndi zoti akachitidwe opaleshoni ya maso.

Nyumba yonseyi yaima pa mzati umodzi: mtsikana akhulupirire kuti lova ndi wolemera. Mzatiwo ukapanda kulimba, zonse zam'tsogolo zilibe pogwira.

Chizindikiro choyamba

Vuto linaonekera kumayambiriro kwa 1929, atangoyamba kujambula pokumana awiriwa. Wosewera mtsikana anali wa zaka 20, wochokera ku Chicago, ndipo anali asanasewerepo mbali yaikulu mu kanema aliyense. Chaplin anamusankha chifukwa ankatha kuoneka wosaona popanda kutembenuza maso monyansa kapena monyoza, zomwe ena oyesedwa ankalephera. Anamulemba pa madola 75 pa sabata.

Ntchito yake pa chigawochi inali kutambasula dzanja ndi duwa n'kunena timawu tiwiri tomutsatsa malonda, mawu omwe palibe woonera akanawamva. Chaplin anamubwerezetsa tsiku ndi tsiku. Dzanja lakwera msanga. Mutu wapendekeka mopitirira. Pakamwa patseguka ngati munthu yemwe sakuyankhula ndi munthu. Ankadzuka pampando, n'kusewera yekha mbali ya mtsikana, kenaka n'kumuuza kuti atengere ndendende. Zithunzi zina zojambulidwa ndi mnzake pa nthawiyo zilipo mpaka lero, ndipo zinaonetsedwa mu pologalamu ya Unknown Chaplin ya 1983. Mukaziona mumaona munthu wokhumudwa, akuyenda uku ndi uku, akuluma zala. Chiwerengero chodziwika cha maulendo omwe chigawochi chinajambulidwa, kuyambira pamenepa mpaka pomwe chinatheka, ndi 342.

Zomwe ndapeza nditachisanthula

Ndachionera chigawochi kambirimbiri, chithunzi ndi chithunzi, ndipo maganizo anga ndi akuti matenda anali pena, mankhwala ankapakidwa pena. Wosewera analidi wosazolowera, sindikana. Koma ngakhale akanatambasula dzanja mwaluso bwanji, funso linali lisanayankhidwe: chimupangitse n'chiyani kuganiza kuti munthu uyu ndi bwana?

Taganizani njira zomwe wolemba aliyense angathamangire. Mumzinda, ulemerero wa munthu umaoneka ndi zovala, koma uyu saona. Akamugwira jekete apeza zigamba. Ndalama alibe, ali ndi kakobiri kamodzi. Lova akhoza kungonama kuti ndine wachuma, koma munthu wonamiza mtsikana wosaona tsiku loyamba kukumana naye ndi tambwali, ndipo oonera sangamumvere chisoni mpaka kanema kutha. Mtsikana akhozanso kungodziganizira yekha popanda chifukwa, koma pamenepo wasanduka chitsiru, ndipo chikondi cha chitsiru sichigwira mtima. Njira yotsala ndi kulemba mawu pa sikirini kuti munthu wina wodutsa wamunong'oneza zabodza. Imeneyo ndi njira ya ulesi, ndipo Chaplin ankadana ndi kulongosola ndi zilembo chinthu choyenera kuoneka ndi maso.

Chofunika chinali kulakwitsa kopanda wolakwa. Mtsikana aganize mwanzeru, potengera umboni womwe uli nawo m'manja mwake, koma n'kuphonya. Lova asanene bodza. Woonera amvetse zonse m'kuphethira kwa diso. Zinthu zitatuzi zisanakumane, kamera ikanazungulira chaka chonse osapeza kanthu. Ife amene tinakulira pa masewero a pa wailesi tili ndi chizolowezi chothetsa vuto lililonse ndi pakamwa: wina alowe, afotokoze. Chaplin anali atadzitsekera yekha khomo limenelo.

Zomwe zinagamulidwa, ndi zifukwa zake

Choyamba anachisiya chigawocho. Anadwala kwa masabata angapo, ntchito n'kuima, ndipo atabwerera anachiyesanso masiku ochepa, kenaka n'kupita ku zigawo zina. Ichi ndimachiyamikira. Vuto likakana, kuliumiriza pamaso pa gulu lonse lolipidwa pa tsiku n'kuwotcha ndalama.

M'kati mwa 1929 munabuka mlandu wina. Wosewera mpondamatiki woyamba, yemwe ntchito yake yeniyeni inali yojambula zithunzi pamanja, anazengereza kulumphira m'dziwe la madzi ozizira lomwe linamangidwa ku situdiyo ngati mtsinje, ponena kuti sakupeza bwino m'chifuwa. Anachotsedwa, zomwe anajambula zonse n'kutayidwa, ndipo wina wodziwa ntchito analowa m'malo mwake. Apa kusinthako kunapindula, chifukwa wachiwiriyu ndiye tikumuona mu kanema, ndipo kuledzera kwake ndi kuuma mtima kwake kwa m'mawa n'zokhulupirika. Koma ndikuganiza kuti zinamuphunzitsa Chaplin phunziro lolakwika, loti chigawo chikakana, sintha munthu.

Mtsikana uja anakhala miyezi akubwera ku situdiyo, kudzola zodzoladzola, kukhala m'kachipinda kake akuwerenga ndi kuluka, osaitanidwa. Iye ndi Chaplin sankakondana, ndipo mtsikanayo anadzavomera zimenezi pambuyo pake. Mu Novembala 1929, patangopita masabata ochepa msika wa masheya wa ku New York utagwa, ali m'kati mojambula chigawo cholemera, mtsikanayo anapempha kuti aweruke msanga akakonzetse tsitsi. Chaplin anamuchotsa ntchito.

Anaitana wosewera wina yemwe anagwira naye ntchito mu kanema wa The Gold Rush wa 1925, n'kumuyesa pa chigawo chomaliza. Zoyeserazo zilipo, ndipo ndinganene kuti mayiyo anasewera bwino ndithu. Anayesanso kamtsikana kena ka zaka 16. Koma atawerengera bwino, anapeza kuti kuyambiranso zigawo zonse za mtsikana patatha pafupifupi chaka n'kosatheka ngakhale kwa munthu wa ndalama zake. Anabwerera kwa woyamba uja. Iyeyo, atalangizidwa ndi mnzake wodziwa za Hollywood, anawakumbutsa kuti mgwirizano wakale anasaina asanakwane zaka 21, choncho sumumanga. Anabwerera pa madola 150 pa sabata, kuwirikiza kawiri.

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa zinatembenuka: anadya nkhuyu ndi mwini nkhani, wopotedwa anali mwana. Za tsitsi zija zinali chabe chophulitsira mkwiyo wa miyezi khumi. Ndipo taonani kuti masabata onse ochotsa, kuyesa ndi kubwezera anthu sanasunthe vuto lenileni ndi pang'ono pomwe.

Pomwe zinatembenukira

Yankho linakhazikika mtsikana atabwerera, ndipo silinali m'dzanja lake. Linali m'msewu.

Mu kanema womalizidwa zikuyenda motere. Lova akuwoloka msewu wodzaza ndi magalimoto. Aona wapolisi wa panjinga yamoto, ndipo pofuna kumuzemba atsegula chitseko cha galimoto yaikulu ya mabwana yomwe yaima pambali, adutsa m'kati mwake, atulukira chitseko cha mbali inayo, n'kuchitseka. Pomwepo pali mtsikana ndi dengu lake la maluwa. Iye wamva chitseko cha galimoto yodula chikutsekedwa, mapazi a mwamuna akutsika. Atambasula duwa.

Palibe wanama. Mu mzinda wa nthawi imeneyo, wotsika m'galimoto yotero ndi bwana, ndipo munthu wodalira makutu ali ndi chifukwa chokwanira choganizira choncho. Lova sanalowe m'galimoto kuti anamize aliyense, amathawa wapolisi monga mwa masiku onse. Woonera waseka kale ndi kuchenjera kwake asanazindikire kuti nthabwala yomweyo yamanga nkhani yonse.

Kenaka duwa ligwa pansi mwangozi. Lova alitola, koma mtsikana akupapasabe pansi kulifunafuna. Apa m'pamene lova, ndi ife tomwe, tizindikira kuti saona. Amupatsa kakobiri kake komaliza. Ndiye Chaplin akhoma msomali kachiwiri: mwini galimoto weniweni abwera, alowa, chitseko chitsekedwa, galimoto inyamuka. Mtsikana aitana bwana uja kuti adikire chenje chake. Lova waima pomwepo, pafupi kwambiri, chenjecho akuchifuna ndithu. Ayang'ana galimoto, ayang'ana mtsikana, n'kuchoka monyang'ama kuti mapazi ake asamveke.

Kunyang'ama kumeneko ndiye mtima wa chigawo. Chitseko choyamba ndi ngozi. Chachiwiri ndi ngozinso, koma chikumupatsa lova mpata wosankha, ndipo asankha kutaya chenje kuti asaphwanye chithunzi chomwe mtsikana wamupangira. Sanayambitse bodza, koma walilola, ndipo walilipirira ndi ndalama yake yomaliza. Kuchokera apa tikhoza kumutsatira pamene ayamba kulisamalira bodzalo, chifukwa taona kuti analowamo bwanji. Ndipo poopa kuti zatsekemera mopitirira, Chaplin amubweretsanso lova mwakachetechete kudzakhala pambali kumuyang'anitsitsa mtsikana. Mtsikana atsuka kachidebe kake pa mpopi, n'kukhuthula madzi kumaso kwake osadziwa.

Anzanga odula zithunzi, onani chinthu china. Chomwe chasokoneza mtsikana ndi phokoso, mu kanema wopanda kuyankhula. Kuti tilimve, tiyenera kuliona: chitseko, kenaka nkhope ikutembenuka. Galimoto, lova ndi mtsikana akuikidwa moti diso lidziwe mtunda wa pakati pawo. Mukanadula mothamanga n'kulekanitsa atatuwa m'zithunzi zapafupi zokhazokha, chinsinsi chonse chikanatayika.

Mmene chitsekocho chinagwirira ntchito m'tsogolo

Yankho labwino limabereka. Popeza mtsikana amamudziwa bwana wake ndi galimoto, mpondamatiki ataledzera n'kumupatsa lova Rolls-Royce yake, lova akhoza kumugula maluwa onse ndi kumuperekeza kwawo pa galimoto yeniyeni. Bodza lapeza umboni. Chigawo chomwe ndimachikonda chili pafupi pomwepo: lova, atavala suti yobwereka, akuyendetsa Rolls-Royce pang'onopang'ono kutsatira munthu wosuta ndudu yaikulu. Munthuyo atataya kachidutswa, lova alumpha m'galimoto, akankha mphawi mnzake yemwe amafuna kukatola, akatola yekha, n'kubwerera m'galimoto. Mphawi uja angotsala kukamwa kuli yasa. Chaplin anakulira mu umphawi ku London, analawako nyumba zosungira amphawi ali mwana, ndipo ankadziwa kuti chovala chimasintha msanga kuposa njala.

Zotsatira zake ndi za ndalama zenizeni. Lendi yotsala ndi madola 22. Lova agwira ntchito yosesa m'misewu, achotsedwa, ayesa nkhonya za ndalama, agonja. Mpondamatiki ataledzeranso amupatsa madola 1,000, akuba alowa m'nyumba, mowa uthera pomwepo, ndipo lova ayesedwa wakuba. Afikitsa ndalamazo kwa mtsikana, kenaka amangidwa.

Za mawu ndi nyimbo

Pofika 1930 kutulutsa kanema wopanda phokoso lililonse kunali kosatheka, popeza nyumba zambiri zoonetsera makanema zinali zitachotsa oimba awo. Chaplin anagamula zogwiritsa ntchito makina a mawu pa nyimbo ndi maphokoso osankhika okha. Pachiyambi penipeni, akuluakulu a mzinda akutsegulira chipilala, zoyankhula zawo zikumveka ngati kulira kwa kalipenga ka ana. Uku kunali kugemula makanema oyankhula poyera. Pena lova ameza wezulo, ndipo ntchirintchi iliyonse ikuliza wezuloyo. Nyimbo anapeka yekha mothandizidwa ndi akatswiri olemba ndi kutsogolera oimba.

Apa panalowa cholakwa chomwe ambiri a ife timachichitabe. Nyimbo yoimira mtsikana sinali ya Chaplin, inali La Violetera ya José Padilla wa ku Spain, ndipo dzina la mwini wake silinalembedwe. Padilla anasuma ku Paris n'kupambana.

Zomwe zinachitika atamaliza

Kujambula kunatha chakumapeto kwa 1930. Filimu yomwe inadutsa mu kamera inali mafiti oposa 300,000, pamene kanema womalizidwa ndi mafiti pafupifupi 8,000, mphindi 87. Ndiye kuti pa fiti iliyonse yomwe tikuona, pafupifupi 38 zinatsala pansi. Ndalama zinakwana pafupifupi madola 1.5 miliyoni, za m'thumba mwake. Masiku ano kubwereza sikudya filimu, kumangodzaza kakhadi ka mu kamera, n'chifukwa chake ndimaopa ndikamva wotsogolera wachinyamata akutchula 342 ngati mendulo. Chiwerengerocho ndi mtengo wa kuyatsa kamera funso la nkhani lisanayankhidwe, ndipo ambiri mwa maulendowo anali pamsana pa munthu yemwe yankho silinali m'manja mwake.

Kuonetsa koyeserera kosalengeza ku Tower Theatre ku Los Angeles sikunayende bwino. Anthu anali ochepa, kuseka kwake kozizira. Kutsegulira kwenikweni kunachitika pa 30 Januwale 1931 ku Los Angeles Theatre, nyumba yomwe inali yatsopano, katswiri wa sayansi Albert Einstein ndi mkazi wake ali alendo a Chaplin. M'kati mwa kanema, oyang'anira nyumbayo anaimitsa chithunzi n'kuyatsa magetsi kuti atamande kukongola kwa nyumba yawo. Chaplin anapsa mtima koopsa, koma anthu anabwerera m'nkhani. Ku New York, poona kuti ofalitsa akukayika ndi mitengo yomwe ankafuna, anachita yekha lendi George M. Cohan Theatre, kanema n'kukhalamo masabata 12. Anapindula kwambiri, m'nthawi yomwe chuma cha dziko chinali chitagwa ndipo aliyense ankati makanema osayankhula anafa. Mu 1991 kanemayu analowa m'kaundula wa makanema osungidwa ndi Library of Congress, laibulale ya boma ku America. Wosewera mtsikana anasewera makanema ena owerengeka, n'kusiya ntchitoyi m'ma 1930 momwemo. Sanagwirenso ntchito ndi Chaplin.

Chigawo chomaliza ndicho chikusonyeza zomwe chitseko chinagula. Lova watuluka m'ndende, nsanza zokhazokha. Mtsikana akuona tsopano, ali ndi sitolo yake ya maluwa, ndipo mnyamata wovala bwino akalowa kudzagula, mtima wake umadumpha poganiza kuti mwina ndi uja. Aona lova pawindo akumuyang'anitsitsa, amuseka pang'ono, amumvera chisoni, atuluka ndi duwa ndi kakobiri. Makutu anamusokeretsa tsiku loyamba, maso atsopanowa akumusokeretsanso. Pomuika kakobiri m'manja, zala zake zizindikira dzanja lomwe ankaligwira ali mumdima. Wosewera yemwe ankanenedwa kuti satha kutambasula dzanja ndi yemweyo amene nkhope yake ikunyamula mphindi imeneyi, ndipo Chaplin sakutiuza ngati mtsikanayo wakondwa kapena wasweka mtima.

Mukachionera mwa ntchito mupeza cholakwika chomwe mphunzitsi aliyense wa kulumikiza zithunzi angachidule ndi cholembera chofiira. Kamera ikakhala pa nkhope ya lova, dzanja lake logwira duwa lili pakamwa. Ikatembenukira kwa mtsikana, dzanja lomwelo lili m'munsi. Zikusinthana choncho kangapo. Munthu yemwe anabwereza kutambasula kwa duwa maulendo mazana anachisiya cholakwikachi mmene chilili. Ine ndinachiona ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, nditazimitsa nyimbo ndi kudziletsa dala kuyang'ana nkhope zawo.